Chiphe cha m'chakudya sachigwira ndi dzanja limodzi

TETE — Pa 9 Janyuwale 2015, ku Chitima, likulu la boma la Cahora Bassa m'chigawo chathu chino cha Tete, anthu adamwa mowa wa pombe pa mwambo wa maliro. Pasanathe tsiku, odwala adayamba kufika pa chipatala cha Chitima ndi cha ku Songo, ena akumva kupotokola m'mimba, ena akusanza ndi kutsekula, ena atalefukiratu. Amene matenda adawagwira kolimba adayamba kubalalika mutu, kupuma movutikira, kenaka kukomoka. Pamapeto pake a zaumoyo adawerenga anthu 234 amene adadwala, ndipo 75 mwa iwo adamwalira. Mayi amene adafulula mowawo adali mmodzi mwa omwalirawo. Boma la pulezidenti Armando Guebuza lidalengeza masiku atatu a chisoni m'dziko lonse.

Padatha miyezi 10 kuti mtundu wa Mozambique uuzidwe chimene chidapha anthuwo. Nkhani ya miyezi imeneyi ndiyo tikufuna awerengi athu aimve, chifukwa ikuonetsa poyera kuti pa za chiphe cha m'chakudya palibe katswiri amene angaone njira yonse payekha. Namwino amaona wodwala, mlangizi wa zaulimi amaona munda ndi nkhokwe, wa chigayo amaona ufa, ndipo wa mu laboratole amaona kabotolo kamene amubweretsera. Aliyense akasunga zake mumtima, chiphe chimapitirira ulendo wake mpaka pa mbale ya munthu wina.

Mphekesera ya ndulu ya ng'ona

M'masiku oyamba a tsokali mawu amene adamveka kwambiri ndi akuti wina adathira ndulu ya ng'ona mu diramu la mowa anthu ali kumanda. Kuno ku chigwa cha Zambezi palibe amene adakula osamva kuti ndulu ya ng'ona imapha, motero mphekeserayo idayenda msanga, mpaka manyuzipepala a maiko akutali adailemba ngati zoona.

Komatu funso limeneli lidayankhidwa kale. M'zaka za 1984 ndi 1985, Norman Nyazema, katswiri wa za mankhwala pa yunivesite ya Zimbabwe, adayesa ndulu ya ng'ona pa nyama za mu laboratole napeza kuti ilibe mphamvu yakupha imene anthu amainenera. Zimene adapezazo zidali m'mabuku a madokotala kwa zaka 30, koma sizidafike m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje. Apa ndi pamene pali ngozi yachiwiri. Anthu akakhulupirira kuti pali wina amene wathira chiphe, maso onse amafunafuna munthu woti alozedwe chala, mabanja amadana, ndipo palibe amene amakumbuka kufunsa kumene ufa udachokera.

Mmene chiphe chidapezekera

Ntchito idayambira m'manja mwa anamwino ndi madokotala, amene pamwamba pa kuthandiza odwala adalemba zizindikiro za aliyense ndi nthawi imene adayamba kudwala. Kenaka kudafika akatswiri ofufuza miliri ochokera ku Unduna wa Zaumoyo ndi ku Instituto Nacional de Saúde, INS. Ntchito ya anthu amenewa ndi kufunsa mafunso ooneka ngati achabe: mudamwa kodi, mudamwa wochuluka bwanji, nthawi yanji, mudadyanso chiyani. Mayankho a anthu ambiri akaikidwa pamodzi amaloza pa chinthu chimodzi, ndipo ku Chitima adaloza pa mowawo.

Chinthu chimene chidapulumutsa kafukufukuyo ndi chakuti mowa wotsala ndi ufa umene adafululira sizidatayidwe. Zidatengedwa, zidasungidwa, ndipo zina zidatumizidwa kunja kwa dziko. Tidziwe kuti laboratole imapeza msanga chiphe chimene ikuchiyembekezera, monga mankhwala a mbewu kapena a makoswe. Chiphe chimene palibe adachiganizirapo chimafuna makina ena ndi luso lina. Ndiye chifukwa chake INS idagwirana manja ndi mabungwe awiri a boma la America, la CDC loona za miliri ndi la FDA loona za zakudya ndi mankhwala. Akatswiri a FDA a mu mzinda wa Cincinnati adayerekeza mowa wa pamalirowo ndi pombe wina wabwinobwino. Mu mowa wa pamaliro adapezamo chiphe chotchedwa asidi wa bongkrek, chimene mu mowa winawo mudalibe. Mu ufa namo mudapezeka kachilombo kamene kamapanga chiphecho, bakiteriya wotchedwa Burkholderia gladioli.

Mu Novembala 2015 akuluakulu a zaumoyo ku Maputo adalengeza zotsatirazi. Adafotokozanso kuti ufa wa chimanga umene udalowa mu mowawo udaonongeka ndi madzi osefukira ndipo udayamba kuola. Poona kuti sungaphikidwenso nsima, udaperekedwa kwa wofulula mowa, poganiza kuti chimene chakanika pa nsima chikhoza kuchita bwino mu mowa. Padalibe mfiti kapena mdani. Padali ufa wonyowa, nyengo yotentha, ndi chikhulupiriro chakuti moto umapha zonse.

Chiphe chosanunkha, chosawawa

Aka kadali koyamba kuti asidi wa bongkrek apezeke atapha anthu mu Africa. Dzina lake lidachokera ku chilumba cha Java m'dziko la Indonesia, kumene chakudya chotchedwa tempe bongkrek, chopangidwa ndi zotsalira za kokonati zosasitsa, chidapha anthu kwa zaka zambiri kufikira boma lidachiletsa mu 1988. Ku China chiphe chomwechi chimadziwika mu ufa wa chimanga woviika ndi kusasitsa, ndipo mu Okutobala 2020 anthu 9 a banja limodzi adamwalira nacho mu mzinda wa Jixi. Tikuona apa kuti zimene madokotala a ku Asia adazidziwa kalekale zikadatha kufupikitsa miyezi 10 ya ku Chitima zikadakhala zodziwika kuno.

Kachilomboka kamapezeka m'dothi ndi pa zomera, ndipo kamakonda chakudya chonyowa chokhala ndi mafuta, monga kokonati ndi chimanga, pa kutentha kwa madigiri 22 mpaka 30. Kuphika kumapha kachilomboko koma sikuononga chiphe chimene kapanga kale. Chiphecho sichinunkha, sichiwawa, ndipo pang'ono chabe, miligalamu imodzi kapena imodzi ndi theka, chikhoza kupha munthu wamkulu. Chikalowa m'thupi chimatseka njira imene tizigawo ta thupi timapangira mphamvu, motero chiwindi, impso ndi ubongo zimaleka kugwira ntchito. Mankhwala ochisukulutsa kulibe. Chitetezo chokha ndi kusagwiritsa ntchito ufa umene wanyowa ndi kuyamba kuola, kaya pa nsima, pa thobwa kapena pa mowa.

Za ku Nampula mu 1981

Dziko lathu lidaonapo kale mgwirizano wotere. M'chilala cha 1981, m'maboma a kumpoto kwa chigawo cha Nampula, anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, adauma miyendo mwadzidzidzi. Anthu a kumeneko adatcha matendawa mantakassa. Poyamba adaganiziridwa kuti ndi matenda opatsirana. Madokotala, mwa iwo Julie Cliff wa ku Unduna wa Zaumoyo ndi Hans Rosling amene ankagwira ntchito ku Nacala, adayenda m'midzi, nafunsa zimene mabanja ankadya, natumiza magazi ndi zakudya kukayezedwa.

Yankho lidali m'chinangwa chowawa. Chinangwa chimenechi chili ndi chiphe cha cyanide, chimene chimachuluka kwambiri m'chaka cha chilala. Njala ikavuta, amayi amafupikitsa masiku oviika ndi kuyanika, ndiponso ndiwo zomanga thupi zimene zimathandiza kuchotsa chiphecho m'magazi zimasowa. Matendawa, amene dziko lonse limawatcha konzo, adafotokozedwa koyamba ku Congo mu 1938, ndipo sachira. Adabukanso ku Nampula m'zaka za 1992 ndi 1993, nkhondo itangotha, komanso m'chilala cha 2005.

Dokotala adapeza gwero, koma njira yopewera idafuna katswiri wa sayansi ya zosakaniza ndi amayi a m'midzi. Mu 2006 Howard Bradbury wa ku Australia adafalitsa njira yophweka, imene pambuyo pake adaiyesa pamodzi ndi akatswiri a ku Mozambique. Ufa wa chinangwa amausakaniza ndi madzi, amauyala mopyapyala osapitirira sentimita imodzi, nausiya maola 5 pamthunzi kapena maola 2 padzuwa asanaphike. Chiphe chambiri chimatuluka ngati mpweya. M'midzi ya ku Congo kumene amayi adaphunzitsana njirayi, odwala atsopano adaleka kuoneka. Muyezo wa maiko onse umati ufa wa chinangwa usapitirire mamiligalamu 10 a cyanide pa kilogalamu.

Chuku cha m'chimanga ndi mtedza

Chiphe chimene chili pafupi ndi banja lililonse ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde ndi cha chuku, chotchedwa aflatoxin. Chuku chake chimagwira chimanga ndi mtedza m'munda mbewu zikavutika ndi ng'amba, ndipo chimachuluka m'nkhokwe ndi m'matumba ngati zokolola zasungidwa zisanaume. Nachonso sichitha ndi kuphika kapena kukazinga. Chikadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka chimayambitsa khansa ya m'chiwindi, makamaka kwa amene ali ndi matenda a hepatitis B. Kafukufuku wochitika ku Inhambane m'zaka za m'ma 1970 ndi mmodzi mwa amene adaonetsa dziko lapansi ubale wa chuku ndi khansa imeneyi. Chikadyedwa chambiri nthawi imodzi chimapha m'masiku ochepa: ku Kenya mu 2004 anthu 317 adadwala ndipo 125 adamwalira atadya chimanga cha chuku.

Nthawi zina woyamba kuona ngozi ndi dokotala wa ziweto. Chiphechi chidadziwika mu 1960 pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zidafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu Ogasiti 2024, kwa anansi athu a ku Zambia, boma lidalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa, ndipo ufa wa m'zigayo zingapo utayezedwa udapezeka ndi aflatoxin wopitirira muyezo. Imfa za agalu ndizo zidachenjeza anthu.

Alimi athu amadziwa kusankha mtedza. Wabwino umapita kwa ogula, amene amatsata muyezo wa mamaikulogalamu 15 pa kilogalamu kapena wocheperapo. Funso ndi lakuti wofwifwa, wobooka ndi wakuda uja umapita kuti. Kawirikawiri umasinjidwa nukhala nsinjiro za m'ndiwo ndi m'phala la ana, kapena umaperekedwa kwa ziweto, ndipo ng'ombe ikadya chuku chiphe chimatulukira mu mkaka. Chimanga chofumbwa nacho chimathera mu mowa. Ndi njira yomwe ija ya ufa wa ku Chitima: chimene chakanidwa pa khomo lina chimalowera khomo lina. Akatswiri a bungwe la IITA pamodzi ndi ofufuza za ulimi a kuno adakonza mankhwala otchedwa Aflasafe, opangidwa ndi mitundu ya chuku yopanda chiphe imene imamwazidwa m'munda kuti ilande malo a chuku choipa. Komabe mankhwalawa sathandiza ngati mlangizi safika kwa mlimi, ndiponso ngati zokolola zikuyanikidwa padothi.

Pali ziphe zinanso zimene timabweretsa tokha pakhomo. Zigubu zimene mudali mankhwala a thonje kapena a fodya siziyenera kusungira madzi, mkaka, mafuta ophikira kapena mowa, ngakhale zitatsukidwa. Mankhwala a anankafumbwe ali ndi muyezo wake wolembedwa pa paketi, ndipo mbewu yopakidwa mankhwala yoti ibzalidwe si yopita nayo kuchigayo.

Chakudya chabwino chimene chimapha ena

Pali ngozi ina yosiyana ndi zonsezi, chifukwa chakudya chake chimakhala chabwino kwa anthu ambiri. Anthu ena thupi lawo limadana ndi chakudya china, ndipo akachidya, ngakhale pang'ono zedi, amatuluka ziwengo, amatupa milomo ndi lilime, amasanza. Zikafika poipa, khosi limatupa mkati, mpweya umabanika, magazi amatsika mphamvu, ndipo munthu akhoza kufa m'mphindi zochepa ngati sabayidwa jakisoni wa adrenalina. Izi zimachitika kawirikawiri pasanathe maola awiri chidyereni. Kumudzi mwana wotere amaganiziridwa kuti walodzedwa kapena wadyetsedwa.

Bungwe la Codex Alimentarius, limene mabungwe a FAO ndi WHO adakhazikitsa mu 1963 kuti lizikonza miyezo ya zakudya, lidatulutsa mu 2020 malangizo a mmene opanga ndi ogulitsa zakudya angapewere ngoziyi. Kuyambira chaka chomwecho, gulu la madokotala, akatswiri a zakudya ndi a mu laboratole lidakhala pansi kuunikanso zakudya zimene zimavutitsa anthu ambiri padziko lonse. Lidatchula mtedza, mkaka, mazira, nsomba, nkhanu ndi zinzake za zigoba, tirigu ndi mbewu za mtundu wake, mtedza wa m'mitengo monga koroso, ndipo lidaonjezapo chitowe.

Mndandanda umenewu si wa azungu okha. Nsinjiro timathira m'masamba, m'phala ndi m'futali. Kapenta wa ku Cahora Bassa ali pa msika uliwonse. Chitowe timalima ndi kugulitsa kunja. Akatswiri adaonanso kuti munthu amene amadana ndi nkhanu akhoza kudananso ndi tizilombo todyedwa monga dzombe, chifukwa m'matupi mwawo muli zinthu zofanana.

Pano mgwirizano umakhala wa anthu ena. Dokotala ndiye amazindikira matendawa ndi kuuza makolo dzina la chakudyacho. Wopanga mabisiketi kapena phala la m'paketi ayenera kulemba zonse zimene wathiramo, ndi kutsuka makina asanasinthe kuchoka pa mtedza kupita pa china. Woyendera masitolo ayenera kuona kuti zolembazo zilipo. Wophika pa sukulu kapena pa malo odyera adziwe kuti chipande, mtondo kapena mafuta okazingira amodzi zimanyamula mtedza ndi nsomba kupita m'chakudya china. Chovuta cha kwathu kuno ndi chakuti katundu wambiri amalowa pa Zóbuè, Calómuè, Cuchamano ndi Cassacatiza atalembedwa m'Chingerezi, wina amalembedwa m'Chipwitikizi, pamene mayi wogula amayankhula Chinyanja kapena Chinyungwe. Ndi udindo wa a chipatala kuphunzitsa kholo mawu amene liyenera kuwayang'ana pa paketi, monga amendoim, leite, ovo ndi gergelim. Ndipo zakudya za pamsika zopanda paketi, monga mandasi ndi zitumbuwa, zimadalira kuti wogulitsa anene zoona akafunsidwa.

Ndani auze ndani

Mu 2015 bungwe la WHO lidati chaka chilichonse anthu 600 miliyoni amadwala chifukwa cha zakudya zoipa ndipo 420,000 amamwalira, 137,000 mwa iwo mu Africa. Pofuna kuti maiko azichenjezana msanga, FAO ndi WHO adakhazikitsa mu 2004 njira yotumizirana uthenga yotchedwa INFOSAN. Kuno ku Mozambique maphunziro a akatswiri ofufuza miliri m'madera adayamba mu 2010 mothandizana pakati pa Unduna wa Zaumoyo ndi yunivesite ya Eduardo Mondlane, ndipo ku Maputo kuli laboratole ya boma yoyeza madzi ndi zakudya. Koma Maputo ndi kutali, ndipo uthenga umene sunanyamuke pamudzi sungafike ku ofesi iliyonse. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa denga ili mitu yoyamba ndi ya pamudzi.

Anthu awiri kapena atatu akadwala mofanana atadya kapena kumwa pamalo amodzi, mfumu kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi adziwitse chipatala tsiku lomwelo. Chakudya kapena mowa wotsalawo uletsedwe nthawi yomweyo, ndipo onse amene adalawako apite kuchipatala osadikira zizindikiro. Zotsalazo zisatayidwe kapena kukwiriridwa chifukwa cha mantha. Zisungidwe m'chiwiya chotseka, pamodzi ndi ufa, chimera, madeya ndi madzi amene adagwiritsa ntchito, kufikira a zaumoyo atazitenga. Wophika kapena wofulula asaopsezedwe, chifukwa iye ndiye akudziwa kumene adatenga chilichonse, ndipo munthu wamantha amabisa.

Nawo a ntchito za boma ali ndi mbali yawo. Namwino amene waona odwala achikasu ambiri ochokera mudzi umodzi afunse mlangizi wa zaulimi za mmene chimanga chidaumira chaka chimenecho. Dokotala wa ziweto amene waona nkhuku kapena agalu akufa atadya madeya a pa chigayo chimodzi auze a zaumoyo osadikira kuti munthu ayambe wadwala. Apolisi akaitanidwa pa imfa zotere, ayende limodzi ndi ofufuza miliri kuti umboni wa m'mbiya usaonongeke. Ndipo madzi akasefukira, monga zimachitikira m'miyezi ya Janyuwale ndi Febuluwale, amene akugawa thandizo anene momveka kuti chimanga ndi ufa zimene zanyowa ndi kuyamba kuola zikwiriridwe, zisapite ku mowa, ku khola kapena ku msika.

Kutaya thumba la ufa m'mwezi wa njala si chinthu chapafupi, ndipo amene sanagonepo ndi njala asafulumire kuweruza. Ndiye chifukwa chake langizo lakuti tayani liyenera kuyenda limodzi ndi thandizo la chakudya china, ndipo izi zimafuna kuti a zaumoyo, a zaulimi ndi a ngozi zogwa mwadzidzidzi akhale atagwirizana kale mvula isanagwe. Amayi ofulula mowa, eni zigayo ndi ogulitsa pa misika ya Ulónguè, Moatize ndi mu mzinda wa Tete aitanidwenso pa zokambirana zimenezi, pakuti ufa umadutsa m'manja mwawo usanafike kwa katswiri aliyense.